Gawo 28 silinatuluke

Uthenga umene unandilasa kwambiri sunali wotukwana ayi. Unali waulemu bwinobwino. Unafika usiku wina mu Okutobala 2022, ine ndili pamkeka pakhonde la chipatala, amayi atangopeza tulo muwodi. "Anti, pepani kukuvutitsani usiku. Ndine uja ndinakutumizirani ya bandulo mu Febuluwale. Mpaka lero gawo 27 sitinalione. Ndimangofuna kudziwa kuti ndalama ija inagwira ntchito yanji." Ndalamayo inali K3,000. Ndinawerenga kawiri, n'kuzimitsa foni, kuikankhira pansi pa chitenje chimene ndinatsamira. Kunja kunacha ndili maso.

Zimene ndinkalembazo amati fan fiction. Ena mwa inu mumaziwerenga tsiku ndi tsiku koma dzinalo simunalimvepo. Munthu waonera filimu ya magawo, kapena wawerenga buku, walikonda mpaka anthu a m'menemo asanduka ngati abale ake. Filimu yatha, iye mtima sunakhute. Ndiye amatenga anthu omwewo n'kuwalembera nkhani ina: zomwe zinachitika filimu itatha, zomwe zikanachitika uje akanapanda kufa, kapena kungowanyamula n'kukawatula kwina. Anthuwo si ako, ndi a mwini filimu. Chako ndi njira imene wawayendetsa basi.

Anga anali awiri a mufilimu ina ya ku Korea. Sanali eni nkhani, anali a m'mbali: mnyamata woyendetsa galimoto ya bwana, ndi mtsikana wogulitsa mankhwala. Olemba filimuyo anawapatsa timphindi tochepa kenako n'kuwaiwala, ine n'kutsala ndi chilonda. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinali pakhomo ku Bangwe, mphunzitsi wa Sitandade 6 wopanda ana owaphunzitsa. Ndinawatenga awiriwo n'kuwatsitsira ku Limbe. Mnyamata anakhala dalaivala wa minibasi, mtsikana akugwira ntchito mufamase ina pafupi ndi msika. Ndinkalemba m'Chichewa chosakaniza ndi Chingelezi, mmene timayankhulira mutauni, n'kumaika pa tsamba langa la Facebook. Ambiri mwa owerenga filimuyo sanaionerepo n'komwe, ankangotsata dalaivala wawo. Pambuyo pake mnzanga wina anandionetsa Archive of Our Own, tsamba la pa intaneti loikapo nkhani zoterezi, limene ambiri amangoti AO3, ndipo kumeneko ndinkaika yachingelezi chokhachokha.

Nkhani yoyamba inali ya magawo 9 ndipo ndinaimaliza chaka chomwecho popanda wondiuza. Yachiwiri ndinaiyamba mu Ogasiti 2021, sukulu zili mkati, ndipo apa ndi pamene ndinadzimangirira chingwe ndekha. Pamwamba pa tsamba ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti gawo latsopano lizituluka Lachisanu lililonse, 8 koloko madzulo. Palibe anandipempha lonjezo limenelo. Ndinaona ena akutero, ndinaonanso kuti masamba awo akudzaza anthu, basi n'kutengera. Pamene ndinkalonjezapo n'kuti ndili ndi magawo atatu okha olembedwa, mapeto ndikungowaona patali ngati phiri la Mulanje tsiku la nkhungu. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ine ndinkauseka mwambi umenewu.

Ndisaname, poyamba zinkakoma. Ikamakwana 8 koloko anthu amakhala atasonkhana kale pansi pa gawo lapitalo, wina akuti wathira kale madzi a tiyi, wina akuti ana wawagoneka msanga. Ankakangana okhaokha za dalaivala uja ngati mlamu wawo weniweni. Mayi wina wogwira ntchito za m'nyumba ku Johannesburg ankandilembera kuti Lachisanu akaweruka amakhala pabedi n'kumawerenga pang'onopang'ono kuti gawo lisathe msanga, chifukwa sabata yonse Chichewa sachimva kwina. Munthu amene dzina lake silinalembedwepo m'nyuzipepala, mawu otere amamuledzeretsa. Ndinkachonga mabuku a ana mothamanga Lachinayi kuti usiku ndilembe, ndipo sabata 26 zotsatizana sindinaphonye ngakhale imodzi.

Cha mu Januwale 2022 wina anati, "Anti, ikani nambala tizikuthandizani ya bandulo." Ndinachita ngati ndikukana, mawa lake nambala ili pamwamba pa tsamba. Anthu asanu ndi awiri anatumiza, wina K1,000, wina K2,000, uja wa K3,000 ndiye anaposa onse. Zonse pamodzi zinakwana K14,500. Ine ndinaziona ngati mphatso. Sindinadzifunse kuti iwo akuziona ngati chiyani.

Kenako zinthu zinayamba kugwa chimodzichimodzi. Kumapeto kwa Januwale namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo amene munali kuno chaka chimenecho mukukumbukira mmene magetsi ankazimira. Ndinkachajitsa foni kusukulu, kapena kwa ometa pamsika, n'kumalemba batire ili pa 11, mtima uli m'mwamba. Gawo 26 linatuluka choncho, movutikira. Sabata yotsatira, ndikulimbirana minibasi ku Limbe madzulo mvula ikuwaza, foni inapita. Ndinazindikira titafika kale cha ku Bangwe, zipi ya chikwama ili yasa. Chimene chinandiliza si foniyo. Mkati mwake munali gawo 27 lathunthu, theka la 28, ndi tsamba limene ndinalembapo mmene nkhani idzathere, zonse m'kabuku ka manotsi ka mufoni momwemo, kwina kulikonse kulibe. Ndinakhala miyezi pafupifupi inayi ndi kafoni ka mabatani. Mu Meyi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo ya mafoni n'kudumpha, kotero ina ndinaigula mu Juni, yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndisanakhazikike, mu Ogasiti, amayi anagwa ndi sitiroko kumudzi ku Thyolo, ine ndi achemwali n'kuyamba kusinthana kudwazika.

Nditalowanso pa Facebook mu Juni muja ndinapeza mulu. Ambiri anali mawu amodzi okha, "next", pena "next plz", pena timadontho tokha kuti tsamba liwakumbutse gawo likadzatuluka. Ena ankaseka: adimini wakwatiwa, adimini wathawa ndi dalaivala wake. Ena anali ndi ukali: musamayambe zinthu zomwe simungamalize, mwatitayitsa mabandulo athu, anthu a Chimalawi ndi choncho. Wina analemba kuti akudziwa mmene nkhani ithere, n'kuika mapeto ake pompo, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa anali atalasa pafupi. Ku AO3 kunali kofatsa, koma nakonso kuli chokulasa chake. Pansi pa mutu wa nkhani pamaoneka nambala ya magawo, ndipo ngati sunanene kuti onse adzakhala angati pamalembedwa chizindikiro cha funso. Yanga inali 26/? ndipo kachizindikiro kameneko kankandiyang'ana ngati mwana amene wamulonjeza switi.

Chimene ndinalakwitsa kwambiri si kusalemba. Ndi kukhala duu. Mu Juni momwemo ndikanatha kulemba mizere itatu: foni inabedwa, zolemba zinapita, ndipatseni nthawi. Sindinatero chifukwa ndinkadziuza kuti ndibwerere ndi gawo m'manja, osati ndi chodandaula. Sabata ikatha manyazi amaonjezekera, manyazi akaonjezekera gawo lija limafunika likhale labwino koposa kuti lilipire kuchedwako, ndipo gawo lofunika kukhala labwino koposa silimalembeka. Ndinafika pomabisa kuti ndili pa intaneti. Zithunzi za ukwati wa msuweni wanga sindinaziike, kuopa kuti wina anena kuti nthawi ya ukwati ilipo koma ya gawo palibe. Tangoganizani, munthu wamkulu kubisalira anthu amene sanamuonepo nkhope.

Ndiye uthenga wa K3,000 uja utafika, m'mawa mwake ndinaganiza zobweza ngongole ndi gawo. Ndinalemba gawo 27 m'masiku awiri, nditakhala pa benchi ya panja, ndikudzukadzuka kukawatembenuza amayi ndi kukawotha phala kukhitchini ya odwazika. Ndinkalemba ngati mwana wokopera notsi belu litalira. M'gawo lotayika lija, dalaivala ndi mtsikana wa mufamase ankakambirana usiku wonse m'minibasi yowonongeka pamsewu wa ku Zomba, ndipo ndinalikonda kuposa magawo onse. Pobwereza sindinakumbuke ngakhale chiganizo chimodzi mmene chinalili. Ndinangowakanganitsa, n'kubweretsa mkazi wina wakale amene sanatchulidwepo m'magawo 26 onse, kuti pakhale chochitika. Ndinaika osawerenganso.

Owerenga si ana. Pasanathe ola wina anafunsa kuti kodi walemba ndi adimini yemwe uja kapena tsamba lagulitsidwa. Wina anati dalaivala wawo sayankhula choncho, ndipo ankanena zoona. Koma ndemanga yochuluka inali yomwe ija: "next". Miyezi isanu ndi itatu ya manyazi, masiku awiri olanda kwa amayi odwala, chimene ndinagula ndi mphindi khumi zokha, kenako ngongole n'kuyambiranso pomwepo.

Achemwali ndi amene anandimasula, ngakhale iwo nkhani zanga sanawerengepo ndi imodzi yomwe. Anabwera kudzandilandira Loweruka, n'kundipeza ndikulira kuseri kwa wodi. Anadzidzimuka poganiza kuti amayi atisiya. Nditawafotokozera anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, ukulirira anthu a mufoni?"

"Achemwali, ndinawalonjeza. Ena anatumiza ndalama."

"Zingati?"

Ndinawauza. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, anthu a kumudzi banki yawo ndi imeneyo, n'kuwerenga K10,000. "Ina uwonjezere wekha. Ukawabwezere lero. Ndalama ndiye ngongole. Nthanoyo unakongola kwa ndani?"

Sindinawayankhe, chifukwa yankho panalibe. Madzulo omwewo ndinawalembera onse asanu ndi awiri mmodzimmodzi. Anayi anakana kulandira, ena mpaka kukhumudwa kuti ndawaganizira zotero. Atatu analandira, kuphatikizapo uja wa usiku. Sindimuda. Iye anaona nambala pamwamba pa tsamba pafupi ndi lonjezo la Lachisanu, n'kumva kuti akugula magawo, ndipo ndikanakhala iye mwina ndikanamvanso chimodzimodzi. Pambuyo pake ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake AO3 imaletsa kupempha ndalama kapena kutsatsa malonda pa tsamba lawo. Tsambalo linatsegulidwa mu 2009 ndipo limayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka a bungwe la Organization for Transformative Works. Chifukwa chawo chachikulu n'chakuti anthu a m'nkhanizi ali ndi eni ake, ndiye ukayamba kudyerapo umaputa milandu ya umwini. Ine ndinapezapo chifukwa china cha pamtima: ndalama ikangolowa, wowerenga amasanduka kasitomala, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wofunsa katundu wake. Ngati mukulemba nkhani yanuyanu, anthu ake opeka nokha, ndipo mukufuna kugulitsa, gulitsani poyera, koma gulitsani yomwe yatha kale.

Nambala nditaichotsa, ndinachotsanso lonjezo la Lachisanu, n'kulemba chimene ndinayenera kulemba mu Juni. Ndikuchiika pano mmene chinalili, mwina wina chimuthandiza poyambira:

"Abale, nkhaniyi yaima. Foni imene munali magawo otsatira inabedwa, ndipo pano ndikudwazika amayi. Gawo 27 ndinalilemba mothamanga ndipo ndikudziwa kuti silinakome. Sindikulonjeza tsiku lobwerera, ndipo mwina sindibwerera. Amene munatumiza ya bandulo ndakulemberani kumbali. Zikomo pondiperekeza mpaka pano."

Dzanja linkanjenjemera pokanikiza. Ndinkadikira miyala. Inabweradi, iwiri kapena itatu, ndipo mmodzi amene anapitiriza kunyoza ndinamutsekera kunja osamuyankha, chinthu chimene ndikanayenera kuphunzira kalekale. Koma unyinji unali wa anthu amene sanalembepo ndemanga chiyambire, owerenga mwakachetechete, akupepesa za amayi, ena akufotokoza za odwala awo. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyo ndinkamva mawu a anthu makumi awiri aphokoso n'kumayesa kuti ndi mudzi wonse. Mayi wa ku Johannesburg uja analemba mawu ochepa: "Samalani amayi, mwanawe. Tili tonse."

Mawu awiri omalizawo anandibwezera kwa agogo, pabwalo, mwezi ukuwala. Iwo akati "Padangokhala," ife tinkayankha "Tili tonse," ndipo tinkabwereza pa mpumo uliwonse mpaka nthano ithe. Kumeneko sikunali kuwafulumizitsa. Kunali kuwauza kuti sitinagone, pitirizani pa liwiro lanu. Tsiku lina agogo ankatha kusinza nthano ili pakati, kalulu ali m'mbuna, ife n'kukagona osadziwa kuti anatulukamo bwanji, ndipo palibe amene m'mawa ankakawagogodera kuti atibwezere usiku wathu. Ambiri olemba "next" ndikhulupirira amatanthauza "tili tonse" yemweyo, kungoti chala chimasankha chachidule. Koma kwa wolemba amene watopa sizimveka mofanana. Inu owerenga, ngati mukufuna gawo lotsatira libwere, tchulani chimene chakukomerani m'gawo lomwe mwawerengalo, ngakhale chiganizo chimodzi. Ine ndemanga imodzi yotero inkandilembetsa usiku wonse, pamene "next" makumi asanu ankangondilemetsa mapewa.

Tsopano pali chinthu chimene m'chidziwitso chija sindinanene, ndipo ndi chimene ndalembera zonsezi. Amayi anatuluka m'chipatala mu Novembala. Lero amayenda ndi ndodo, mawu amatuluka pang'onopang'ono, koma alipo. Mu 2023 Kapichira anakonzedwa, magetsi anayamba kukhalitsa. Foni ndinali nayo. Zifukwa zonse zimene ndinapereka zinatha chimodzichimodzi. Ndinatsegula tsamba loyera, pamwamba n'kulemba "Gawo 28", ndipo mumtima munali zii. Ndinayesa masabata angapo. Ndinaoneranso filimu ija kuti mwina moto uyakanso, koma ndinagona gawo lachiwiri lisanathe. Dalaivala uja ndi mtsikana wake anali atandichokera, ngati mnzako wa kusekondale amene mukakumana mumangofunsana za ana. Munthu amene anayamba nkhaniyo mu 2021 sanalinso ine.

Zinanditengera nthawi kuvomera kuti chimenechi nachonso ndi chifukwa chokwanira. Timaganiza kuti kuti uloledwe kusiya pamafunika matenda, maliro kapena wakuba. Ndaonapo olemba akupeka ngozi kuti owerenga awamvere chisoni, ndipo ndimawamvetsa, koma bodzalo limadzafunanso gawo lotsatira. Nkhani yolemba ulere, usiku, utaweruka kuntchito imene imakudyetsa, mafuta ake ndi chikondi chokha. Chikatha, chatha. Ukhoza kuikankha ngati minibasi yopanda mafuta, koma okwera amadziwa kuti akukankhidwa, monga anadziwira pa gawo 27.

Vutoli si la pa intaneti pokha. Wolemba wa ku Britain Arthur Conan Doyle atatopa ndi Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zake, anamupha mu 1893, kumugwetsera pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland, kuti apeze mpata wolemba zina. Owerenga anakwiya, ndipo patapita zaka anagonja: mu 1901 anatulutsa nkhani ina ya Holmes, mu 1903 n'kumuukitsa kwenikweni. Anzanga ena amanditchulira zimenezi pofuna kunena kuti owerenga amapambana nthawi zonse. Ine ndimawakumbutsa kuti bamboyo magazini ankamulipira ndalama zochuluka kuti agonje. Ine ndinali ndi K14,500, imenenso ndinayesa kubweza.

Nditatsimikiza kuti sindimaliza, maganizo oyamba anali ofufuta zonse, pa Facebook ndi pa AO3 pomwe, kuti pasakhale chondikumbutsa. Chala chinafika pa batani. Chinandiletsa ndi mayi wa ku Johannesburg uja, amene anandiuzapo kuti gawo 14 amalibwereza akasowa kwawo. Kufufuta kukanakhala kulanga iye chifukwa cha manyazi anga. Ngati mwafika pamenepo, gonani kaye sabata imodzi. Pa AO3 palinso njira ina yoisiya nkhani yamasiye: imakhalabe pa tsamba koma dzina lako limachokapo, n'kupita ku akaunti yotchedwa orphan_account. Dziwani kuti mukatero simungaitengenso kapena kukonzamo kalikonse. Ine sindinafune zimenezo, chifukwa magawo 26 aja ndimawanyadirabe.

Chimene ndinachita ndi ichi. Pamwamba pa nkhani, malo onse awiri, ndinalemba poyera kuti nkhaniyi siinathe ndipo siidzapitirira, kuti wobwera kumene asankhe yekha asanayambe. Pa AO3 anthu ambiri amasefa kuti aone nkhani zomalizidwa zokha, ndiye sindinasinthe nambala ija kuti ioneke ngati yatha, kumeneko kukanakhala kuwatchera msampha. Kenako ndinakhala pansi Loweruka lina n'kulemba masamba awiri ofotokoza mmene ndinkafunira kuti ithe: ndani akwatira ndani, minibasi ija ithera kuti, chinsinsi cha bambo a mtsikana chinali chiyani. Osati nkhani, kungofotokoza, ngati mmene umamuuzira mnzako filimu imene sanaonere. Zinanditengera maola awiri okha, ndipo ndinadabwa kuona kuti ambiri chimene ankafuna n'chimenecho, kudziwa basi, kuti mtima ukhale pansi. Pomaliza ndinanena kuti amene akufuna kuipitiriza aipitirize, bola atchule kumene yachokera. Ndikanakaniza bwanji, poti inenso anthuwo ndinachita kubwereka?

Kulemba sindinasiye. Chaka chatha ndinatulutsa ina ya magawo 6, koma gawo loyamba linaoneka pa tsamba gawo lomaliza litalembedwa kale. Kudikira kumeneko n'kowawa, chifukwa umalemba miyezi popanda wokuombera m'manja, ndipo ndi pamene umadziwa ngati nkhaniyo ukuikonda iwe kapena unkakonda phokoso lake. Nkhani zina ziwiri zinafera m'njira mwakachetechete, popanda wondifunsa, ndipo sindinazilire. Ndimalembera mu Google Docs, ndipo gawo lililonse ndikamaliza ndimadzitumiziranso pa imelo, kuti wakuba wa ku Limbe adzapeze foni yokha. Tsiku sinditchula. Ndimangoti magawo alipo asanu ndi limodzi, onse ndi olembedwa, azituluka ndikapeza mpata. Owerenga ndi ochepa kuyerekeza ndi nthawi ya Lachisanu ija, zimenezo ndisabise. Facebook imakonda wobwera pafupipafupi, ndipo ukachedwa imakubisa. Ndinasankha kubisidwa.

Mnzanga wina wolemba amatsutsana nane. Iye amati popanda tsiku loikika sangamalize kalikonse, phokoso la owerenga ndi limene limamudzutsa. Ndi zoona kwa iye, ndipo wamaliza nkhani zambiri kuposa ine. Chimene ndimamufunsa n'chakuti Lachinayi usiku akamatsegula foni kuti alembe, m'mimba mumamva bwanji. Ngati muli kachisangalalo kosakanikirana ndi mantha pang'ono, apitirize. Ine chakumapeto kuja ndinkamva ngati mmene ndimamvera mwininyumba akagogoda pa 5, ndipo chizindikiro chimenecho ndinachinyalanyaza nthawi yaitali.

Patatha miyezi ingapo chilolezo chija chili pa tsamba, mtsikana wina wophunzira unamwino ku Mzuzu anandilembera. "Anti, ndingayese?" Ndinamuuza kuti ayese. Sanatsate masamba anga awiri aja. Mkazi wakale amene ndinamubweretsa mothamanga m'gawo 27, amene ine ndinkachita naye manyazi, iye anamusandutsa mlongo wake wa dalaivala wobadwa kwa mayi ena, ndipo mwadzidzidzi gawo loipa lija linakhala ndi ntchito. Gawo lake loyamba ndinaliwerengera m'minibasi pochokera kusukulu, mpaka ndinapitirira siteji yanga, kondakitala n'kundilipiritsa ina yobwerera. Analonjeza magawo asanu. Atatu anatuluka. Kenako anapita kukaphunzira ntchito m'mawodi, mausiku n'kumagwira, ndipo tsamba lake lakhala chete kuyambira pamenepo. M'nkhanimo anamusiya dalaivala ataima pakhomo la famase, kalata ili m'thumba, sanagogode. Loweruka lililonse ndikamaliza kuchapa ndimatsegula tsambalo kuona ngati wagogoda.